Chitseko Chopanda Nyumba

"Chotsani manja anu pa tebulo langa!"

"Tebulo lanu? Kuyambira liti? Ichi n'chitseko, mayi ake Mzime. Ndinachipala ndekha ndi manja awa."

"Chitseko chimakhala pakhomo. Chinthu chogona pa mipando iwiri, ine n'kumadulirapo nsalu, dzina lake ndi tebulo. Chisiyeni!"

Telala anakanikiza zigongono pa nsalu yamaluwa yomwe anayala pamenepo, sizasi ili m'manja, tepi yoyezera ikulendewera m'khosi. Mwamuna wake, Kalipentala, anali atagwira kumapeto kwa thabwalo n'kumakoka. Chipinda chawo cha lendi chinali chothina moti munthu akapsa mtima ankasowa poponda kuti ukali uoneke: uku bedi, uku mashini osokera, uku bokosi la zida, pakati chitseko chija. Ndicho chokha chimene anapulumutsa pa nyumba yawo yomwe banki inalanda. M'mawa wa tsiku lowatulutsa, Kalipentala anachizula n'kupachikapo cha kubafa, ndipo chichokereni apo chinkawatsata kulikonse kumene akachita lendi.

"Ndikufuna ndichipale, ndichipake vanishi," anatero Kalipentala. "Mukufuna chikalowe m'nyumba yatsopano chili ndi zipsera za sizasi?"

"Nanga makatani ndidulira pamutu panu? Changu chimenechi chikanakhalapo nthawi ija, mukanakonza denga lodontha lija, ogula aja sakanathawa."

"Ehe, zayambika! Ogula anathawa denga kapena pakamwa panu? Ndani anawauza kuti nyumba yathu ikumira?"

"Sindinanenepo ine zimenezo! Ndinangoti kuseri kumachita kachinyezi mvula ikachuluka."

"Munthu ndinakumana naye ndekha kogula matabwa. Anandiloza chala pagulu, amvekere, 'Aise, umafuna kundigulitsa nyumba yomira?' Mawu amenewo anawatola kuti ngati si kwa inu?"

Mkangano umenewu unali wakale, wodziwa njira yake wokha. Banki isanalande nyumba ija inawapatsa mpata woti aigulitse okha, abweze ngongole, chotsala chikhale chawo. Ogula ankabwera, kuyamikira, kulonjeza kuti abweranso mawa, kenako zii. Nthawi itatha nyumba inapita pa okushoni pa mtengo wa nkhuku, iwo n'kutuluka chimanjamanja, aliyense akuloza mnzake. Dzina lawo linada. Panalibenso banki kapena kabungwe kobwereketsa ndalama komwe kakanawakongoza ngakhale yogulira singano. Anangovala zilimbe n'kumasunga pang'onopang'ono, mkazi akusoka mayunifolomu, mwamuna akukhoma makabati.

Koma lero mkanganowo unkakana kuyaka. Telala anayesa kukwinya nkhope, milomo n'kumukanira. Atayang'ana mwamuna wake anapeza nayenso akulimbana ndi kumwetulira.

"Bambo ake Mzime," ananong'ona, "tikugula nyumba."

"Tikugula nyumba, amayi."

"Khomo langalanga! Lolowa osagogoda, osapempha kiyi kwa munthu, osamva zoti mwachedwa geti tatseka."

"Ine ndizikhoma misomali m'bandakucha, pasapezeke wondifunsa."

"Wokufunsani adzakhala ine."

Anaseka mpaka woyandikana nawo anamenya khoma.

Asanamalize kuseka anamva kulira kwa zitsulo panja. Anali Bwana Makiyi, mkulu wopezera anthu nyumba zotsika mtengo. Dzinali analipata chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwake iye mwini asanaoneke.

"Odi, eni nyumba atsopano!"

Mawu oti "eni nyumba" anamufika pamtima Telala moti anayala nsalu ya kasitomala pabedi kuti mlendo akhalepo. Nyumbayo anali ataiona kamodzi kokha, ali m'galimoto ya bwanayu, magalasi otseka, ikuyenda pang'onopang'ono. Inali kanyumba ka njerwa zootcha, mpanda wa waya, mpopi panja, mtengo wa mandimu pakona. Khomo lake linali pululu. Bwana Makiyi anati chitseko anazula ndi akuba, n'chifukwa chake mtengo unatsika chonchi. Kalipentala atamva zimenezo anamutsina mkazi wake pantchafu: nyumba yopanda chitseko yakumana ndi chitseko chopanda nyumba! Telala anati ameneyo ndi Mulungu basi.

"Bwana, ndimati ndikayeze mawindo," anatero Telala tsopano. "Makatani sangadulidwe mongoganizira."

"Ine khomo," anawonjezera Kalipentala.

Bwana Makiyi anagwedeza chala akuseka. "Ayi, ayi, ayi, makolo anga. Musakapondeko mpaka mwezi uthe. Anthu a kumene kuja akangonunkhiza kuti nyumba yagulidwa, mukapeza azula ndi malata omwe. Zithunzi za m'kati si ndinakuonetsani pafoni?"

"Chithunzi sichiyezeka ndi tepi, bwana."

"Mayi anga, mwadikira zaka, mungalephere kamwezi? Ine ndimagwira ntchito ndi anthu a m'kati mwa banki. Inu dzina lanu linada, ndikudziwa, koma kwa ine kulibe mafunso, kulibe mizere. Mungopereka chikole lero, nyumba ndikusungirani. Ofuna alipo ambiri, komatu ine ndakukondani inuyo."

Telala anasolola envelopu ya ndalama pansi pa matiresi. Bwana Makiyi anaiponya m'thumba la jekete, n'kuwagwira chanza onse awiri ndi manja ake ofewa. Makiyi analira mpaka kumsewu.

Masiku otsatirawo Telala mutu sunkagwira. Anasokera thumba la malaya a munthu kumsana, n'kutsekanso mwendo wa thalauza la wina. Anaimbira foni Mzime, mwana wawo mmodzi yekhayo yemwe anali ku sukulu yogonera komweko, kumuuza kuti chipinda chake chidzakhala cha mbali ya mandimu. Kalipentala naye ankajambula mashelefu pa chilichonse, ndi pa khoma la eni ake lomwe. Koma nsalu yamaluwa ija inangokhala chiyalire. Telala sanadulepo nsalu asanayeze chibadwire chake, ndipo mawindo osayezedwa aja ankamuyabwa kuposa nsabwe.

Tsiku lina m'mawa anavala diresi lake labwino.

"Ndikukagula ulusi," anatero.

"Nane ndikuthamangira kokaona matabwa," anayankha Kalipentala osamuyang'ana.

Telala anakwera basi n'kutsikira patali kuti asaonekere. Atakhota pakona ya msewu uja, anaona mwamuna ataima pa geti la nyumba yake akusuzumira. Wakuba malata ameneyu! Anatola mwala n'kumayandikira monyang'ama. Munthuyo anatembenuka, pensulo ili kukhutu, tepi yachitsulo ili m'manja.

"Ulusi akugulitsa kuno masiku ano, mayi ake Mzime?"

"Nanga matabwa akumera pa geti pano?"

"Mwalawo ndi wa chiyani?"

"Ndimati ndiphe wakuba. Tiyeni msanga, inu khomo, ine mawindo, tizipita anthu asanatione."

Analowa akukankhana ndi zigongono, akuseka ngati ana othawa kalasi. Telala anakhudza khoma, anakhudza mpopi, anathyola tsamba la mandimu n'kulifinya pamphuno. Anali atayamba kale kuloza pomwe adzadzale maluwa pamene anaona chingwe. Pachingwepo panali zovala zikudontha madzi: diresi, malaya aamuna, ndi nsalu zoyala pabedi zambiri. Pakhomo paja panalendewera bulangete lokhomedwa ndi misomali.

"Mwabweranso? Lero mwabwera kudzazula chiyani?"

Bulangete linakankhidwa, n'kutuluka mayi wachikulire wa imvi za apo ndi apo, atagwira mpini wa tsache ndi manja awiri. Maso anali pa tepi ya Kalipentala.

"Pepani mayi, ife ndife... ndife eni ake," Telala anachita chibwibwi. "Tagula nyumba ino."

"Mwagula kwa yani? Mwini wake ndine, ndipo sindinaigulitse."

Ataona kuti alendowo si akuba, mayiwo anatsitsa mpini n'kuwalowetsa. Anthu ankawatcha Aphunzitsi, chifukwa ankaphunzitsa pa sukulu ya mkaka ya pafupi. M'chipinda chochezera, pampando womwe Telala anauona pa zithunzi za pafoni zija, panali amuna awo, atafunda m'miyendo, dzanja limodzi lili lende. Moni anapereka ndi maso okha.

"Ngongole tinatenga kubanki tili bwinobwino, ya golosale," anatero Aphunzitsi. "Abambowa atagwa, golosale inagwa nawo. A banki anati gulitsani nokha mwezi uno usanathe, mubweze zathu, chotsala n'chanu, mukalephera ipita pa okushoni. Ndiye kunabwera mkulu wina wa makiyi ambiri, waulemu zedi, kuti andithandiza kupeza ogula. Anajambula zipinda zonse, ine n'kumamutsegulira makatani kuti muwale."

Telala anayang'ana makataniwo.

"Ogula abwera, mwana wanga. Ena anachita kubwera ndi ana awo kudzasankhiratu zipinda. Koma akangotuluka pa geti amakumana ndi anyamata ake pakona apo, basi osabweranso. Nditamufunsa anati musavutike mayi, okushoni ndi yabwino, ingotulukiranitu. Nditakana, anyamatawo anabwera ine ndili kusukulu n'kuzula chitseko abambowa akuyang'ana. Mphepo yonse ya m'mawa imathera pa iwo."

"Koma iyeyo apindulanji?" anafunsa Telala.

"Pa okushoni aigula yekha motchipa, kudzera mwa anzake a m'katimo. Ndimadabwa kuti akuthamangira chiyani, kani wodzaigula kwa iye anamupeza kale." Anawayang'ana onse awiri mopanda ukali. "Ndinu."

Kalipentala ankasolola tepi n'kuibweza, kusolola n'kuibweza, kenako anafunsa:

"Mayi, anyamatawo amawauza chiyani ogula?"

"Mmodzi anandiimbira foni kunditukwana. Akuti, 'Mayi wamkulu ngati inu, mumafuna kundigulitsa nyumba yomira?' Akuti pansi pano pali madzi. Madzi ake ati? Ndi mpopi womwe umatuluka mwa apo ndi apo."

Tepi inapulumuka m'manja mwa Kalipentala n'kudzikulunga yokha. Anayang'ana mkazi wake, Telala naye anamuyang'ana. Zaka zonse zija, mawu onse aja amene anabayana nawo m'zipinda za lendi, kugona chofulatirana konse kuja, kani vuto silinali denga kapena pakamwa. Kunali anyamata pakona. Kaya anali a Bwana Makiyi yemweyu kapena a mnzake wa ntchito yomweyo, sakanadziwa, koma bodza lake linali lomwelo, osasintha ndi liwu limodzi lomwe.

"Mayi ake Mzime..." anayamba Kalipentala.

"Tiyeni tizipita," anatero Telala. Mawindo sanayeze.

Wina angaganize kuti anafika kunyumba mtima utafewa. Ayi ndithu, anafika utauma gwa. Nyumba anali ataikhudza ndi manja, fungo la mandimu lidakali kuzala, ndipo ankafuna aone amene angamulande kachiwiri.

"Ife sitinaone kanthu," anatero akupinda zovala zopinda kale. "Tinapita kogula ulusi ndi matabwa."

"Amayi."

"Musanditchule! Chikole tapereka. Tikasokoneza, ndalama ija yapita, nyumba yapita. Tikakana ife agula ena, mayi aja atulukabe. Ife atatitulutsa ndani anatimvera chisoni? Anthu anachita kuima pamsewu kuonerera matiresi athu."

"Ndikukumbuka."

"Ndiye?"

"Ndikukumbukanso amene analowa m'nyumba mwathu muja. Munkamutemberera tsiku ndi tsiku, munthu simunamuonepo nkhope. Mwina nayenso anaionera m'galimoto."

"Ndatopa ine, bambo ake Mzime! Ndatopa kuima pamzere wa bafa ndi ndowa. Ndatopa kunong'ona m'nyumba ngati ndaba. Mwana akabwera patchuthi amagona pansi pa chitsekochi. Ndikufuna khomo langa, ndalakwa?"

"Simunalakwe. Nthawi ijanso simunalakwe. Ndinakunamizirani ine zaka zonsezi. Pepani."

Chipepeso chimenecho anachidikira nthawi yaitali, koma chinabwera tsiku lolakwika, ndipo chinangomuliza ndi ukali. Anakhala pa mashini n'kumapalasa mwamphamvu popanda nsalu kuti asamvenso china.

M'mawa mwake, pobwera kotunga madzi pa mpopi wa onse, anapeza mipando iwiri ija ili yokhayokha, nsalu yamaluwa itapindidwa bwinobwino pabedi. Chitseko panalibe, bokosi la zida panalibe. Sanafunse munthu. Anakwera basi tepi ili m'khosi, njira yonse akusula mawu oti akamulalatire nawo mwamuna wake.

Anamupeza atachotsa kale bulangete, chitseko chitatsamira khoma, iye akukanda pamutu. Aphunzitsi anali atatulutsa amuna awo pakhonde kuti aothere dzuwa.

"Mwafika bwino," anatero Kalipentala ngati anapangana. "Chakula ndi chala chimodzi. Ndiyenera kupala mbali imodzi."

Mawu onse aja anabalalika. Telala anathamangira pa chitsekocho, chifukwa m'mphepete mwake, mbali ya loko, munali timizere tocheka ndi mpeni, pomwe ankamuyeza msinkhu Mzime chaka ndi chaka mpaka pamene anatulutsidwa.

"Mukapala uku ukwati watha! Palani mbali ya mahinjesi."

"Kumeneko ndiye ntchito yambiri."

"Muli ndi kopita? Bweretsani kuno ndigwire."

Anagwira. Zopalapala zinkagwa zopotanapotana, fungo la thabwa n'kudzaza pakhonde. Atachikweza n'kuchimanga, Kalipentala anachikankha ndi chala chimodzi, ndipo chinayenda mwakachetechete n'kutsekeka bwinobwino. Abambo odwala aja anatulutsa mawu osamveka n'kumenya mpando ndi dzanja lawo lamoyo. Ankaseka. Telala anayang'ana chitseko chake chili chilili koyamba pa zaka zonsezi, mtima n'kusefukira, osadziwa ngati akukondwa kapena akulira maliro a nyumba yachiwiri.

Ndi pomwe anaona galimoto. Inkabwera pang'onopang'ono, magalasi otseka. Kumbuyo kunakhala mwamuna wachinyamata ndi mkazi wake woyembekezera, nkhope atazikanikiza pagalasi, mkaziyo akuloza mtengo wa mandimu n'kumagwedeza mwamuna wake paphewa. Telala anadziona yekha. Sanaganize n'komwe, anangozindikira ali pakati pa msewu manja atatambasula.

Mabuleki analira. Bwana Makiyi anatsitsa galasi pang'ono, kumwetulira kukumuvuta.

"Mayi anga! Si ndinati musa..."

"Tsikani, bwana! Tsikani mudzatigawire. Awa atenga chipinda chiti? Ife chochezera, awa chogona, eni ake kubafa?" Anagogoda pagalasi lakumbuyo. "Achemwali, chikole mwapereka?"

"Chili m'chikwamamu," anayankha mtsikanayo maso ali tuzu.

"Chigwireni ndi manja awiri! Ife tinapereka kale, nyumba yake yomweyi. Eni ake ndi awo ali pakhondewo, sanaigulitse kwa munthu."

"Mayi, tikambirane ngati anthu akuluakulu," anatero Bwana Makiyi motsitsa mawu. "Nkhani za banki n'zovuta, simungazimvetse pamsewu. Inuyo ndikupezerani ina yabwino kuposa iyi. Iyi kunena zoona ili ndi kavuto..."

"Ikumira?"

Bwana Makiyi anayamba kukweza galasi.

"Nenani, bwana! Ikumira eti? Anthu inu, tulukani mudzaone nyumba yomira! Bweretsani mabwato, Aphunzitsi akumira kuno!"

Anthu anatulukadi: azimayi thovu la sopo lili m'manja, wometa tsitsi wa pakona ndi kasitomala wake wometedwa mbali imodzi, wokonza njinga ndi tayala lake. Omwe anaona chitseko chikuzulidwa n'kungotseka makatani awo, lero anapeza pakamwa. Wina anati ndi yemweyu, wina anati anatero ndi nyumba ya mlamu wanga. Banja lachinyamata lija linatsika m'galimoto chikwama atachikumbatira. Anyamata a pakona aja anasungunuka osatsanzika. Bwana Makiyi anabweza galimoto chafutambuyo mpaka kumapeto kwa msewu, n'kugunda mgolo wa zinyalala, anthu akumukuwiza.

"Ndalama yathu!" anakuwa Kalipentala, akuthamangira fumbi hamala ili m'manja.

"Bwererani, bambo ake Mzime, yapita imeneyo," anatero Telala akupuma mwawefuwefu. Anadabwa kumva mawu amenewo akutuluka m'kamwa mwake, komanso kuti miyendo inkafuna kuvina.

Inapitadi. Foni ya Bwana Makiyi sinalirenso, ndipo ku kaofesi kake anakapeza akugulitsako nsapato. Apolisi analemba n'kunena kuti afufuza. Chotsala m'manja mwa Telala ndi mwamuna wake chinkakwana kubweza ngongole ya Aphunzitsi, koma osafika pa mtengo weniweni wa nyumba. Anakhala pakhonde paja onse anayi, mwezi ukupita kumapeto.

"Tengani nyumbayi choncho, ana anga," anatero Aphunzitsi. "Bola ipite kwa anthu amene ndawaona nkhope. Ife tikapanikizana kwa mng'ono wanga."

"Ndiye tisiyana pati ndi mkulu uja?" anayankha Telala. "Ayi, mayi. Banki tilipira. Chotsala tizikupatsani mwezi ndi mwezi, ndalama yomwe timataya ku lendi ija. Mpaka tidzamalize, inu ndi abambo mukhala m'chipinda chachikulu chija. Ife tithinana kwinako, tinazolowera."

Kalipentala anamuyang'ana cham'mbali. "Si inu munalumbira kuti simudzakhalanso bafa limodzi ndi munthu?"

"Inu khalani chete. Mukhome lina kuseri, ukalipentala wanu ndi wa chiyani?"

Kubanki, kalaliki wa ngongole anayamba zoti bwerani mawa, fayilo sikuoneka. Telala anakhala pansi pakhomo pa ofesi ya bwana wamkulu, n'kutulutsa nsalu ndi singano, kuti asokera pomwepo mpaka fayilo ioneke. Inaoneka asanamalize mpendero.

Tsiku losamuka, katundu atakwezedwa pa lole, Kalipentala anatsalira kukangana ndi eni chipinda za mashelefu ojambula pakhoma aja. Telala sanathe kudikira. Anatsogola yekha, makatani amaluwa ali m'manja, oyezedwa bwino ulendo uno. Atatsika basi anathamanga ngati mtsikana, akupereka moni ndi kwa anthu osawadziwa omwe. Geti, mpopi, mandimu, zonse zinali pomwe anazisiya. Chitseko chinali chotseka, chikunyezimira vanishi.

Anapisa dzanja m'chikwama, n'kukumbuka kuti kiyi analipo mmodzi yekha, ndipo Kalipentala anamusiya kwa Aphunzitsi tsiku lopachika lija. Anayesa chogwirira. Sichinali chokiya n'komwe, chikanatseguka ndi chala chimodzi. Mapepala anali m'dzina lake, chitseko chinali chake, ndipo zaka zonsezi ankalota tsiku limeneli lolowa osagogoda. M'katimo anamva Aphunzitsi akuwanyengerera amuna awo kuti akweze dzanja awaveke malaya. Anachotsa dzanja pa chogwiriracho, n'kuseka yekha, n'kupinda zala.

Anagogoda.

"Odi kuno!"

"Ndani?"

"Ndine, Telala."

Chitseko chinatseguka. Aphunzitsi anamuyang'ana iye, anayang'ana makatani, kenako anamugwira dzanja n'kuikamo kiyi.

"Mwana wanga, munthu amagogoda kwawo? Lowani."

Telala anafumbata kiyiyo mpaka kumupweteka m'dzanja, ndipo analowa misozi ikutsika, akuseka.